DIGIRI ILI M'MANJA, KOMA KHOMO LACIWIRI LIKALI LOTSEKA

Munthu wokwera basi kucokera ku Lundazi, Chipata, Katete kapena Petauke, akaoloka mlatho wa Luangwa napitirira Rufunsa ndi Chongwe, amaona nyumba zazitali za Yunivesiti ya Zambia ku dzanja lamanzere, basi isanafike pakati pa mzinda wa Lusaka. Makolo ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa azidziwa bwino nyumba zimenezi, pakuti ena mwa iwo anagulitsa ng'ombe, matumba a nshawa ndi thonje la zaka zingapo kuti mwana wao akhalemo kufikira atamaliza. Tsiku lolandira digiri likafika, banja limabwereka galimoto, amai amavala citenge catsopano, mwana amavala mkanjo ndi cisote ca ngodya zinai, ndipo cithunzi cimakapacikidwa pa khoma kumudzi. Kwa makolo ulendo watha. Koma pa nchito zambiri zimene makolo amalakalaka kuti ana ao agwire, tsiku limenelo ndi ciyambi ca ulendo wina, umene mlimi sanauwerengere pamene anali kugulitsa ng'ombe zace.

Digiri ya za malamulo payokha siimpatsa munthu mphamvu yoimira mnzace m'khoti. Digiri ya udokotala payokha siimlola kutsegula cipinda ndi kuyamba kupima odwala. Injiniya watsopano sangasaine pulani ya mlatho, ndipo wophunzira za kawerengedwe ka ndalama sangatsimikizire mabuku a kampani ndi dzina lace. Aliyense wa amenewa ayenera kuyamba wadutsa pa khomo laciwiri, ndilo kuphunzira luso la nchito yeniyeniyo pansi pa anthu amene anaigwira kale, kuyesedwa ndi bungwe loyang'anira nchitoyo, ndi kulandira ciphaso. Nkhani ya acinyamata ophunzira amene angokhala pakhomo ikakambidwa pa wailesi, kawirikawiri cimene cimachulidwa ndi kusowa kwa nchito. Za khomo laciwirili sizimveka kwenikweni, conseco ndi pamene ana ambiri a alimi amagwera.

MMODZI MWA 395

Citsanzo cooneka bwino ndi ca maloya. Sukulu ya za malamulo pa Yunivesiti ya Zambia inayamba mu 1967, ndipo caka cotsatira, mu 1968, Boma linakhazikitsa sukulu ina yochedwa Law Practice Institute kuti omaliza digiri akaphunziremo kagwiridwe ka nchito ya uloya. Mu 1996 lamulo latsopano linaisandutsa kukhala Zambia Institute of Advanced Legal Education, imene anthu amangoicha ZIALE. Sukuluyi ili mu Lusaka, ndipo womaliza digiri ya za malamulo, kaya anaitenga pa yunivesiti iti, ayenera kupambana mayeso ace asanakhale loya.

Kumeneko sabwerezanso nzeru za m'mabuku a pa yunivesiti. Amaphunzitsa kalembedwe ka mapepala osinthira umwini wa malo ndi nyumba, kayendetsedwe ka cuma ca masiye, ndondomeko ya milandu m'khoti laling'ono ndi lalikulu, mwambo wa uloya, ndiponso kusunga mabuku a ndalama. Phunziro lomalizali limadabwitsa ena, koma cifukwa cace n'comveka. Loya amasunga ndalama za anthu ena, monga za mai wamasiye amene ali kudikira cipukuta misozi ca mwamuna wace, ndipo ndalama zotere siziyenera kusakanizika ndi za m'thumba mwa loyayo. Wophunzira afunikanso kupeza ofesi ya maloya kumene azigwirako nchito pamene ali kuphunzira. Akapambana zonse, amalandiridwa pamaso pa oweruza akuluakulu a dziko, ndipo pamenepo ndiye wakhala loya.

Mayeso a ZIALE ndi ochuka ndi kuvuta. Mu 2021 anthu anadzidzimuka pomva kuti mwa ophunzira 395 amene analemba, mmodzi yekha ndiye anapambana maphunziro onse. Ciwerengero cotere cifunika kucimvetsa bwino, cifukwa wogwa phunziro limodzi amawerengedwa pamodzi ndi wogwa onse, ndipo ogwa amaloledwa kubwereza. Za gwero la vutoli anthu sagwirizana. Ena amati mayunivesiti ali kutulutsa ophunzira osakhwima. Ena amaloza kaphunzitsidwe ndi kacongedwe ka mayeso pa sukulu yomweyo. Enanso amanong'ona kuti maloya akale safuna kuti mpikisano ukule. Mkangano umenewu ungatenge zaka, koma pali cinthu cimodzi cosakanika: kubwereza kuli ndi mtengo, ndipo mtengowo sulemera mofanana. Mwana wa ku Kabulonga akagwa, amabwerera m'cipinda cace kunyumba kwa atate ace nayambanso kuwerenga. Mwana wa ku Chadiza akagwa, afunika lendi ya miyezi ina, ndalama za mayeso ndi za minibasi, pamene khola la kwao linatha kale.

Madokotala nao ali ndi khomo lao. Madokotala oyamba ophunzitsidwa m'dziko lino anamaliza pa Yunivesiti ya Zambia mu 1973. Womaliza amalandira ciphaso cosakhalitsa kucokera ku bungwe la Health Professions Council of Zambia, nakagwira nchito koposa caka pa cipatala cacikulu, monga ca ku Chipata, pansi pa madokotala akuluakulu. Amazungulira m'zigawo za opareshoni, matenda a akulu, matenda a ana ndi za amai oyembekezera. Akuluakuluwo akamcitira umboni, ndi pamene amalandira ciphaso cokwanira. Vuto n'lakuti malo ophunziriramo otere ali makamaka m'zipatala za Boma, motero Boma likacedwa kulemba anthu nchito, dokotala watsopano amakhala pakati, sali wophunzira, salinso dokotala wokwanira. Mu 2021 bungwe la madokotala acinyamata, Resident Doctors Association of Zambia, linacepetsa nchito m'zipatala pofuna kuti madokotala 500 amene anali pakhomo alembedwe. Mu 2022 Boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000, cinthu cimene cinapepuza ambiri. Komabe masukulu a udokotala anaculuka, monga ya ku Ndola imene inatsegulidwa mu 2011, ndipo mu 2025 bungwe lomwelo linadandaulanso za madokotala amene anali kugwira nchito m'zipatala mongodzipereka, popanda malipiro.

Nchito zina zili ndi njira zofanana. Injiniya amalembetsa ku Engineering Institution of Zambia nagwira nchito zaka zingapo pansi pa injiniya wovomerezeka asanaloledwe kuima payekha. Wowerengera ndalama amene afuna ciphaso capamwamba ca bungwe la ZICA ayenera kuonjezera pa mayeso ace zaka zitatu za nchito yoyang'aniridwa.

Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti khomo limeneli licotsedwe. Mlimi wolima ndi ng'ombe adziwa kuti ng'ombe yatsopano saiika pa pulawo yokha, ngakhale ikhale yonenepa motani. Amaimanga goli limodzi ndi yakale yodziwa mzere, kufikira itazolowera mau a mwini wace. Mai wobereka movutika usiku pa cipatala ca boma la Nyimba ayenera kukumana ndi dokotala amene anaonapo kale zotere ali pambali pa wamkulu. Kalavati ya pa mtsinje imene idzanyamula mathirakita a cimanga iyenera kupimidwa ndi munthu amene anaonapo simenti ikung'ambika. Funso siliri pa kufunika kwa maphunzirowa. Funso lili pa amene ayenera kupereka malo ophunziriramo, ndi amene ayenera kudyetsa wophunzirayo pa miyezi imeneyo.

KALE GOLI LINALI LA BOMA NDI MIGODI

Makolo a lero sayenera kudzudzulidwa posadziwa za ulendo waciwiriwu, pakuti m'nthawi ya ubwana wao sunali kuoneka. Pamene dziko linalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, eni dziko okhala ndi digiri anali pafupifupi 100 okha. Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, ndipo anthu wamba, a m'midzi omwe, anasonkha ndalama ndi ziweto kuti imangidwe. Maofesi a Boma, migodi ndi masukulu a sekondale zinali m'manja mwa anthu ocokera kunja, ndipo colinga ca Boma la a Kenneth Kaunda cinali cakuti eni dziko atenge malo amenewo msanga. Motero womaliza digiri sanali kufunafuna nchito. Nchito ndiyo inali kumdikira. Anali kumuika pambali pa mlendo amene anayenera kudzamlowa m'malo, kuti aone, afunse, alakwitse ndi kukonzedwa, uku akulandira malipiro, kawirikawiri ndi nyumba yomwe.

Kutsatira cilengezo ca ku Mulungushi mu 1968 ndi ca ku Matero mu 1969, Boma linatenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani akuluakulu ndi m'migodi ya kopa. Makampani a Boma amenewa, pamodzi ndi ZCCM imene inapangidwa mu 1982, anakhala masukulu aakulu a luso ngakhale sanali kuchedwa masukulu. Migodi inali kulipirira acinyamata maphunziro, ndipo akamaliza inali kuwazungulitsa pansi pa mgodi, kosungunulira miyala ndi m'mawekishopu asanapatsidwe udindo. Kuno Kum'mawa akuluakulu akumbukira NAMBOARD, Lintco, Eastern Co-operative Union ndi fakitale ya njinga ya Luangwa Industries ku Chipata. Mabungwe amenewa anali ndi zofooka zao, ndipo alimi amene anadikira miyezi kuti alipidwe cimanga cao sanaziiwale. Koma mnyamata wophunzira akalowamo, anali kupeza wamkulu womuonetsa nchito.

Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, cuma ca dziko cinayamba kufooka. NAMBOARD inathetsedwa mu 1989. Lamulo logulitsa makampani a Boma linabwera mu 1992, ndipo pofika mu 2000 migodi ikuluikulu ya ZCCM inali itagulitsidwa. Eni atsopano, ndi makampani ang'onoang'ono amene anamera pambuyo pace, anafuna munthu wodziwa kale nchito, wokhoza kubweretsa phindu mwezi woyamba. Ena mwa makampani aakulu, monga mabanki ndi migodi, akali kutenga omaliza digiri ndi kuwaphunzitsa, koma malo ace ndi ocepa poyerekeza ndi khamu lofunsira.

Pa nthawi yomweyo khomo loyamba linakula. Yunivesiti ya Copperbelt inayamba mu 1987, ya Mulungushi mu 2008, ndipo lamulo la mu 1992 linalola anthu ndi mipingo kutsegula mayunivesiti ao, amene pofika mu 2020 anali oposa 50. Ici cinali cinthu cabwino, pakuti ana ambiri a m'midzi amene kale akadabwerera ndi setifiketi ya sekondale anapeza malo. Koma walira mvula walira matope. Omaliza madigiri anaculuka pa nthawi imene malo owakhwimitsira anali kucepa. Kukula kwa khamu lodikira kunaoneka poyera mu 2022, pamene Boma linalemba aphunzitsi 30,496 mwa anthu oposa 100,000 amene anafunsira.

ULENDO WOSAWERENGEDWA

Lero cidziwitso ca nchito m'nyuzi cimanena kawirikawiri kuti wofunsira akhale atagwirapo nchito yotero zaka ziwiri kapena zitatu. Womaliza kumene sangalembedwe cifukwa sanagwirepo nchito, ndipo sangagwirepo nchito cifukwa sanalembedwe. Njira yotulukira m'bwalo limeneli ndiyo imene acinyamata amaicha atachimenti, kutanthauza kupempha ofesi kapena kampani kuti imlole munthu kugwirako nchito miyezi ingapo, nthawi zambiri popanda malipiro, kuti pomaliza alandire kalata yomcitira umboni.

Apa ndi pamene kusiyana kwa mwana wa m'tauni ndi mwana wa m'mudzi kumaonekera. Coyamba, malo a atachimenti salengezedwa kawirikawiri. Amapezeka kudzera mwa amalume amene adziwana ndi manijala, kapena mnzao wa atate wa ku chalichi. Mlimi wa ku Vubwi alibe munthu wotere mu Lusaka. Caciwiri, nchito yopanda malipiro siili yaulere kwa woigwira. Afunika kacipinda ku Kalingalinga kapena ku Mtendere, ndalama za minibasi m'mawa ndi madzulo, cakudya, nsapato ndi zovala zoyenera ofesi. Zonsezi zimacokera kumudzi, kumene makolo anali kuyembekeza kuti tsopano mwana ndiye ayambe kutumiza ndalama za fataleza ndi kuthandiza ang'ono ace. Miyezi ikapita, mau amayamba kumveka pa citsime ndi pa maliro, akuti mwana wa uje anangotha cuma ca atate ace. Ambiri amatopa, nabwerera kwao kapena kuyamba kugulitsa m'kabuthu ka ndalama za pa foni, digiri ili m'sutikesi. Kwa atsikana vuto limakula, pakuti mtsikana wogwira nchito yosalipidwa, wogona kwa wacibale wakutali, amene kalata yace yaumboni ili m'manja mwa bwana mmodzi, ali pamalo pamene kukana zosayenera kungamtayitse caka conse.

Ngongole ya Boma ya ophunzira siifika pa khomo laciwirili. Imathandiza pa zaka za digiri, ndipo digiri ikatha imaleka kubwera niyamba kudikira kubwezedwa. Bungwe loyang'anira ngongolezi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, linayamba mu 2018 kulonjerera onse amene anathandizidwa kuyambira mu 2004. Kulonjerera kumeneku n'koyenera, cifukwa ndalama zobwezedwa ndizo zimaphunzitsa ena. Koma ngongole imabwezedwa ndi munthu wolandira malipiro, ndipo dziko likakongoza mwana zaka zinai nkumsiya atatsala caka cimodzi kuti akhale wolembeka nchito, limakhala litadzicedwetsera lokha ndalama zace.

Ndi bwino kuona kuti si nchito zonse zimene zimamsiya wophunzira panjira motere. Wophunzira uphunzitsi amatumizidwa kukaphunzitsa m'kalasi asanamalize maphunziro ace, ndipo sukulu yace ndiyo imamtsata kukamuona. Wophunzira unesi amakhala m'mawodi kuyambira zaka zoyamba. Akamaliza amalembetsa ku mabungwe ao, monga Teaching Council of Zambia imene inabwera ndi lamulo la mu 2013, koma luso la manja amatuluka nalo. Iwonso amavutika kupeza nchito, monga ciwerengero ca mu 2022 cionetsera, koma safunika kulipira caka cina m'tauni kuti akhale oyenera kufunsira. Ici ndi cifukwa cimodzi cimene ana a m'midzi amaculukira pa nchito ziwirizi, ndipo cionetsa kuti khomo laciwiri lingamangidwe mkati mwa loyamba ngati sukulu ndi olemba nchito agwirizana.

NDALAMA ZILIPO, KOMA ZIPITA KWINA

Dziko lili nazo kale njira zosonkhanitsira ndalama za maphunziro a luso. Kuyambira mu Januwale 2017 olemba anthu nchito amapereka msonkho wa luso, ndiwo ngwee 50 pa K100 iliyonse ya malipiro a anchito ao. Msonkhowu umatoleredwa ndi Zambia Revenue Authority, ndipo colinga cace ndi kuthandiza maphunziro a nchito za manja amene amayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998. Kuonjezera apo, thumba la citukuko ca dera la phungu, la CDF, linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo lakhala likuonjezedwa m'zaka zotsatira. Gawo lina la thumbali limalipirira acinyamata maphunziro a ukalipentala, umakanika, zamagetsi, kusoka, kumanga ndi zina zotero, ndipo ofunsira amadzera ku komiti ya citukuko ya wodi yao.

Njira ziwirizi zathandiza ana ambiri a anthu osauka, ndipo siziyenera kulandidwa kanthu. Cimene cioneka ndi cakuti zonse zinakonzedwera wacinyamata amene sanapite ku yunivesiti. Womaliza digiri amayesedwa ngati munthu amene anathandizidwa kale, wosafunanso kanthu. Kunena zoona, iye ali ngati nyumba imene yamangidwa kufika pa mutu nisiyidwa yopanda denga nyengo ya dzinja. Ndalama zambiri zinalowa kale, ndipo zotsalazo ndi zocepa, koma popanda izo zoyambazo zimaonongeka.

Ena mwa omaliza digiri aona okha njira, nalowa m'masukulu a nchito za manja monga Chipata Trades Training Institute kapena ya ku Ukwimi. Pamudzi ena amaseka, amati wabwerera m'mbuyo. Kuseka kumeneku n'kosayenera. Cilala ca mu 2024 citacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo anthu odziwa kuika magetsi a dzuwa ndi mapampu a madzi anafunidwa m'matauni ndi m'midzi momwe. Wacinyamata amene ali ndi digiri ya za malonda naonjezapo luso lotere angathe kuika magetsiwo, kuwerengera mtengo wace molondola, ndi kulemba pepala lofunsira nchito ku khonsolo. Komabe njira imeneyi siyankha funso la loya, dokotala ndi injiniya, amene luso lao liyenera kukhwimira pa nchito yomwe anaphunzira.

MALO OPHUNZIRIRA ALI PA BOMA POMWE

Cinthu cimene sicinaganizidwe mokwanira ndi cakuti kukula kwa CDF kwabweretsa nchito ya akatswiri m'maboma a kumidzi. M'dera lililonse muli kumangidwa zipinda za sukulu, zipatala zazing'ono, nyumba za amai odikira kubereka, makalavati ndi zitsime. Nchito iliyonse yotere ifuna woyesa malo, wowerengera zipangizo, woyang'anira kamangidwe ndi wosunga mabuku a ndalama, ndipo makhonsolo ambiri ali ndi akatswiri owerengeka amene sangafike paliponse. Pa nthawi yomweyo m'midzi ya maboma omwewo muli ana ophunzira zomangamanga ndi za ndalama amene ali kupalira m'munda wa makolo ao. Injiniya wa khonsolo ya Sinda kapena Mambwe, ngati ali wovomerezeka, angathe kuyenda ndi acinyamata awiri kapena atatu, kuwaonetsa kapimidwe ka maziko ndi kasakanizidwe ka simenti, ndi kuwasainira buku la nchito limene bungwe la mainjiniya lingalandire. Wacinyamata wotere safuna lendi ya ku Lusaka. Adziwa cinenero, adziwa mafumu, ndipo kontilakita wofuna kucepetsa simenti pa sukulu imene mng'ono wace wa mnyamatayo adzaphunziramo adzapeza maso ovuta kuwanyenga.

Za ulimi ndi cimodzimodzi. Womaliza digiri ya zaulimi adziwa maina a michere ya m'nthaka ndi moyo wa mbozi zoononga cimanga zimene zinafika m'dziko lino mu 2016. Cimene sadziwa ndi kuima pansi pa mtengo pamaso pa alimi makumi asanu, ena a msinkhu wa agogo ace, ndi kuwafotokozera za mankhwala m'mau amene iwo angawakhulupirire. Luso limeneli lili ndi alangizi akale a m'makampu, amene ambiri alibe digiri koma ayenda pa njinga m'midzi zaka makumi awiri. Malo ofufuzira zaulimi a Msekera pafupi ndi Chipata, sukulu ya zamalonda a mbeu ya ku Katete, makampani ogula thonje ndi fodya, ndi makoparetivu, onsewa ndi malo amene wophunzira angakhwimireko osacoka m'cigawo cace.

Pafunika cenjezo. Si atachimenti iliyonse imene ili maphunziro. Alipo acinyamata amene atha miyezi isanu ndi umodzi m'maofesi akuphika tiyi, kujambula mapepala ndi kutumidwa ku banki, natuluka osadziwa kanthu katsopano. Alipo olemba nchito amene amasinthanitsa ophunzira caka ndi caka kuti asalembe munthu wolipidwa. Maphunziro enieni amadziwika ndi wamkulu wochulidwa dzina amene ali ndi udindo pa wophunzirayo, buku lolembamo zimene wacita sabata ndi sabata, tsiku lodziwika lomalizira, ndi kandalama kokwanira cakudya ndi ulendo. Popanda kandalamako, mwai umabwerera kwa ana a anthu opeza bwino, ngakhale malo akhale pa boma la kwao.

Makolo naonso ali ndi mafunso ofunika kufunsa mwana asanakwere basi, pamene ng'ombe zikali m'khola. Kodi yunivesitiyo inalembetsedwa ku Higher Education Authority, bungwe limene limafalitsa maina a masukulu ovomerezeka? Kodi phunziro lenilenilo ndi lovomerezeka, ndipo bungwe la nchitoyo limalandira omaliza ace? Zikwangwani zokongola ndi zithunzi za mikanjo sizitsimikizira kanthu; cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Kodi digiri ikatha patsala zaka zingati kuti mwana alandire ciphaso, adzazithera kuti, ndipo adzalipira ndani? Mphunzitsi wolangiza za nchito pa sukulu ya sekondale ayenera kukhala ndi mayankho a mafunso amenewa, ndipo makolo ali ndi ufulu womfunsa pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Banja limene lamva kuti uloya ndi zaka zinai za digiri kuonjezapo caka ca ku ZIALE, mwinanso ndi kubwereza, lingagawe cuma cace mosiyana ndi banja limene liganiza kuti zonse zithera pa mkanjo.

Koma mtolo wonse sungasenzedwe ndi mlimi. Malamulo a kagwiritsidwe nchito ka CDF amalembedwa ndi unduna woona za makhonsolo, ndipo a msonkho wa luso ali m'manja mwa Boma ndi Nyumba ya Malamulo. Kuti gawo laling'ono la ndalamazi lilipirire miyezi ya kukhwima kwa omaliza digiri m'makhonsolo, m'zipatala ndi m'makampu a zaulimi, pafunika kuti malamulowo asinthidwe, ndiponso kuti mabungwe a mainjiniya, owerengera ndalama ndi ena avomereze nchito yogwiridwa kumidzi monga avomerezera ya mu Lusaka ndi ku Kitwe. Nkhani zotere zimayambira pa msonkhano wa komiti ya wodi, pamene khansala amalemba zofuna za anthu, ndipo komiti iliyonse ingathe kuyamba ndi kulemba maina a ana a m'wodi yace amene ali ndi digiri koma alibe ciphaso, ndi cimene catsala kuti acilandire.